Khola Lopanda Dothi

Pasipoti yanga ili m'sutikesi kunsi kwa bedi ndipo ilibe chidindo ngakhale chimodzi. Inatha mphamvu isanaoloke malire alionse, ngakhale a Zambia omwe timawaona tikaima pachulu cha kumunda kwanga. Ndinaipangitsa chifukwa cha ulendo umodzi wokha, wokaona linga la miyala la ku Zimbabwe, lija akuti analimanga anthu akale kwambiri azungu asanabwere. Ulendowo tinaukonza kuyambira chilimwe mpaka nyengo yozizira.

Mwana wamkazi ndinali naye mmodzi. Anakwatiwa ndi mnyamata amene ankamanga nyumba zowotcheramo fodya pa esiteti ina kufupi ndi kwathu, mbali ya Kachebere. Mnyamatayo anabadwira ku Zimbabwe. Bambo ake anali a konkuno koma anatchona, anakwatira komweko ndi kufera komweko. Iye anabwera kudzafuna mudzi wa bambo ake, anaupeza, kenako analowa ntchito. Ine sindinamufune. Sindinganene kuti anandilakwira. Kungoti munthu amene kwawo sungafikeko wapansi ukafuna kukadandaula, ine sindimukhulupirira. Komanso kunena zoona, ngakhale amene kwawo ndi kuseri kwa nyumba yanga sindiwakhulupirira.

Anakhala chikamwini kwa kanthawi, kenako anapempha chitengwa n'kumutenga mwana wanga kupita naye kwawo. Patapita zaka mwana wanga anabwerera pabasi ataonda ngati bango, akutsokomola, atagwira dzanja kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Sanakhalitse. Matenda ake sindiwatchula. Amene munaliko zaka zimenezo mukuwadziwa. Mwamuna wake kumaliro sanabwere. Akuti uthenga unamupeza mochedwa. Akuti.

Kuchokera tsiku limene tinamuika, m'chifuwa mwanga munachita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ndinkalima, ndinkapita kutchalitchi, ndinkayankha moni. Maso okha ndi amene anatsala akugwira ntchito. Mdzukulu wangayo ndinamulera ndi maso amenewo. Anali mwana wachete, wosatumidwa kawiri, wokhoza m'kalasi. Ndinkadziwa amene wamupatsa moni panjira, ndinkadziwa nthawi imene amatenga kuchokera kumjigo. Ndinkati za iyeyu palibe chimene chingandidutse.

Bambo ake anatulukira chilimwe china, matipate atalowa kale, anthu akuyenda ndi nsalu za zipani m'misewu. Mwanayo anali Sitandade 7. Ndinali pakhonde kuswa mtedza. Ndinamuzindikira ali patali ndi kayendedwe kake kopendekera mbali imodzi. Anafika pafupi ndi nkhokwe, anatula chikwama, ananyonyomala n'kuyamba kuomba m'manja.

Kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso. Sakhala pamphasa imodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Ana a lero amaseka zimenezi, koma ine ndinaleredwa choncho, ndipo imfa ya mwana wanga sinasinthe kanthu. Choncho ndinalowa m'nyumba, iye anakakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo mawu athu ankanyamula ndi mwanayo. Panalibenso kuchitira mwina, chifukwa Chichewa cha bamboyo chinali chitathawa, chosakanikirana ndi Chishona, pomwe mwana Chishona anali asanachiiwale. Ankapita, kugwada, kumvetsera, kubwera kwa ine, kugwada, kunena. Mawu awo ndinkawamva ngati madzi oyenda, osatolapo kanthu.

"Akuti pepani za maliro."

"Uwauze kuti tamva."

"Akuti abweretsa shuga ndi nsalu."

"Aike pomwepo. Uwafunse chimene abwerera."

Anapita, ndipo ulendo umenewu anakhalitsa. Pobwera maso anali pansi.

"Akuti akufuna atitenge, inu ndi ine, tikaone linga la miyala. Silili kutali ndi pulazi imene akugwirako ntchito. Tikaonenso agogo a kumeneko. Tikakhale milungu ingapo pa holide, n'kubwerako."

"N'kubwerako?"

"Eya, agogo."

"Linga lanji limenelo loti munthu achokere kuno kukaona miyala? Kuphiri kwathuku yatha?"

Apa mwana wachete uja anayankhula kuposa mmene ndinamumverapo. Anati zipupa zake n'zazitali kuposa tchalitchi chathu, koma zilibe dothi, zilibe simenti, miyala inangosanjikizidwa. Anati pali kanjira pakati pa zipupa ziwiri koti anthu awiri sangadutsane. Anati pali nsanja yooneka ngati nkhokwe, koma ilibe khomo, ndipo mkati mwake ndi miyala yokhayokha. Aphunzitsi anawauza m'kalasi, koma ngakhale aphunzitsiwo sanapiteko. "Ababa anapitako," anatero.

Nkhokwe yopanda khomo ndinaimvetsa. Anthu amenewo ankawadziwa abale awo.

Koma ndinamvetsanso china. Munthu akabwera kudzatenga mwana sanena kuti ndadzatenga mwana, amanena za miyala. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, kwawo uko ndi wa bambo. Akangooloka naye, mwambo wathu utsala pachipata ngati katundu woletsedwa. Nkhani yotere amayenera kuimva mwinimbumba, mlongo wanga wamkulu, koma iye anali ku okushoni ku Lilongwe ndi mabelo ake, ndipo amuna a kuno fodya akagulidwa njira yobwerera kumudzi imawasokonekera kwa kanthawi. Ndinali ndekha. Kukana poyera kunali kovuta, pakuti munthuyo anali bambo wake ndithu.

Khola langa la nkhumba linali litagwa ndi mvula yapitayo, moti nkhumba ndinkazimanga chingwe kumwendo. Ndinaliyang'ana pazenera ndipo nzeru inabwera.

"Uwauze kuti ine chipupa chopanda dothi sindichikhulupirira. Ngati kwawo amamangadi choncho, andimangire khola ndi miyala yokhayokha. Likapirira mvula ndi nkhumba mpaka tikolole, tidzapita kukaona linga lawolo, n'kubwerako tonse awiri."

Nkhumba zanga ndinkazidziwa. Yaikaziyo inagwetsapo chipupa cha njerwa zootcha.

Mwana anapita kukanena. Ndinasuzumira. Bamboyo anamwetulira, n'kuomba m'manja nthawi yaitali, kuposa mmene munthu angathokozere atapatsidwa ntchito yomangira nkhumba. Zimenezo ndinaziona, ndinazisunga, koma sindinadziwe poziika.

Tchuthi chake chonse chinathera pa khola. Ankagona kwa abale a bambo ake kutsidya kwa dambo, n'kumalawirira kuphiri. Kumeneko ankasonkha moto waukulu pathanthwe, likatentha n'kuthirapo madzi ozizira, ndipo thanthwe linkasweka m'mapale osalala. Mapalewo ankawaphwanya ndi hamala kukhala miyala yonga njerwa, n'kuitutira pangolo yobwereka. Anati akale a kulinga kuja ankachita chomwecho. Pomanga anayala mizere iwiri, wakunja ndi wamkati, pakati n'kumathira miyala ing'onoing'ono. Pansi chipupa chinali chotakata, chikamakwera n'kumachepa. Mwala uliwonse ankautembenuza m'manja kangapo asanauike, ndipo ukakana ankauponya pambali osakwiya.

Mwambo sunkandilola kuima pafupi, koma mpanda wanga wa udzu unali ndi mipata. M'mawa uliwonse iye asanafike ndinkapita ndi kamtengo, n'kumapisa m'mipata ya miyala kuona ngati sanabisemo dothi kapena simenti. Ndinkanunkhiza ndithu. Zimene ndinkapezamo ndi abuluzi basi.

Mayi wina woyandikana nane anaima panjira ndi mtolo wa nkhuni. "Anzanga, mkamwini wanu akukumangirani chiliza mukadali moyo?"

"Likatsala malo ndikuitanani," ndinatero.

Mwana akaweruka kusukulu ankakhala pamenepo kupatsira bambo ake miyala. Ankayankhula Chishona chawocho, ndipo ankaseka. Sindinkadziwa kuti amaseka motero, mutu kumbuyo, mano onse pamtunda, ngati mayi ake. Ndinkamvetsera kuseri kwa mpanda mtedza uli pamiyendo.

Bamboyo asananyamuke anatumiza mawu akuti tikajambulitse zithunzi za pasipoti, chifukwa zimachedwa kutuluka. Ndinati khola silinayesedwe. Yankho linabwera lakuti likagwa, pasipoti siluma munthu. Tinapita ku Boma pa minibasi, ine kutsogolo, iye kumbuyo kwenikweni. Wojambula anandiuza kuti ndivule duku makutu aoneke. Ndinamufunsa kuti makutu anga akufuna achite nawo chiyani. Anati si iye, ndi boma. Ndinavula, koma pachithunzicho ndikuoneka ngati munthu amene wagwira wakuba.

Bamboyo anabwerera kwawo, nkhumba zinalowa m'khola, mvula inayamba.

Inagwa yambiri chaka chimenecho. Zimbudzi zinatitimira, khitchini ya mayi wa nkhuni uja inakhala pansi. Ine m'mawa uliwonse ndinkapita kukhola. Madzi ankalowa m'mipata ya miyala n'kutulukira mbali ina. Nkhumba yaikazi inkadzikhula pachipupa, inkafukula pansi ndi mphuno, inkatopa n'kugona. Sindinganene kuti ndinkafuna ligwe. Sindinganenenso kuti ndinkafuna liime. Ndinkangoliyang'ana, n'kuthira madeya, n'kubwerera.

Mvula ili pakati anabwera mlongo wanga, nsapato zatsopano zili matope okhaokha. Analizungulira khola, n'kukankha mwala umodzi ndi phazi.

"Chemwali, nkhumba zanu zikugona pabwino kuposa ine. Ndamva za pangano lanu. Mukuganiza kuti munthu ameneyu akakamutenga mwana adzabwera naye?"

"Ndipita nawo, achimwene."

"Inuyo? Mukamulondola bwanji m'dziko la eni, chiyankhulo simuchidziwa?" Anatsitsa mawu. "Ngolo yanga imadutsa pano popita kudambo. Ikhoza kukhula pakonapa. Ngozi zimachitika."

Ndinayang'ana pakonapo, iye n'kupitiriza.

"Mwanayu ndi wathu. Fodya wachuluka chaka chino, manja osoka akuchepa. Komanso wakula uyu. Pali mnyamata wina wa geni ya ku Chipata wandifunsa kale. Ali ndi njinga, ali ndi wailesi ya makaseti."

"Ali pasukulu."

"Sukulu yaulereyi? Ana ngati nyerere pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi? Munaona ndani m'mudzi muno atasankhidwa kupita kusekondale?"

"Ngolo yanu izidutsa kumene imadutsa," ndinatero. "Mwala umodzi ukagwa ndidziwa kuti ndi inu."

Musaganize kuti ndinakana chifukwa cha chilungamo. Mlongo wanga ndinabadwa naye. Chinthu chimene mwachitira limodzi mobisa amakukumbutsa mpaka kumanda, ndipo tsiku lodzapereka mwanayo kwa munthu wa njinga akanandiuza kuti nditseke pakamwa.

Popeza khola silinkagwa, ndinayamba kuukonzekera ulendo ngati munthu wokonzekera mlandu. Pasipoti zitatuluka ndinakazitenga ndekha ku Lilongwe. Ndinasoka kathumba mkati mwa siketi yanga koti ndidzaziikemo zonse ziwiri, ya mwana ndi yanga, kuti aliyense wofuna ya mwanayo ayambe wandivula. Njira ndinailoweza pamtima, mwana akunena ine ndikubwereza: Boma, Lilongwe, Dedza, kulowa Mozambiki, mlatho wautali wa ku Tete, chipata china, Harare, Masvingo. Ndinafunsa amayi a geni amene ankayenda njira imeneyo nkhondo ya ku Mozambiki itatha. Ndinawafunsa mmodzimmodzi, wina asakumva, kuti ndione ngati mayankho agwirizana. Pa za akuba anagwirizana onse. Ndinakonza kuti m'basi mwana adzakhale kuzenera, ine kunjira.

Mwanayo anati mbali ina ya linga ili pamwamba pa phiri, ndipo pokwera umadutsa pakati pa matanthwe. Ndiye Loweruka lina ndinakwera phiri lathu kuyesa mawondo. Ndinafika pamwamba ndikupuma ngati ng'ombe, ndinaona malo akuda pamene bamboyo ankasonkha moto, ndinaona Zambia, n'kutsika. Za kanjira kopapatiza kaja ndinaziganizira kwambiri. Ndinatsimikiza kuti bamboyo adzatsogole, mwana pakati, ine pambuyo nditagwira diresi lake. Malo oti anthu awiri sangadutsane ndi abwino ngati wakumbuyo ndiwe.

"Agogo, tikupita kukaona, sitikupita kunkhondo," anatero mwanayo tsiku lina.

"Ankamangiranji linga ngati kunalibe nkhondo?"

Anangoseka pang'ono n'kupitiriza kutsuka mbale.

Tinakolola. Nkhumba yaikazi inaswa ana m'khola lomwelo. Palibe mwala unasuntha.

Bamboyo anabwera nyengo yozizira, holide ili pafupi. Kudzera pampata wa mpanda ndinaona kuti lamba wake waboola bowo latsopano. Zimenezonso ndinazisunga. Anabweretsera mwana sutikesi ndi nsapato zakuda. Ndinadina chala kutsogolo kwa nsapato, munatsala malo. Sizinandidabwitse, tonse timagulira ana zoti akuliremo. Koma mwana atapita kumjigo ndinatsegula sutikesi, monga ndimatsegulira chilichonse cholowa m'nyumba mwanga. Pansi penipeni panali siketi ndi juzi zofanana mtundu, juziyo ili ndi chizindikiro pachifuwa. Inali yunifolomu, ndipo sinali ya sukulu yathu.

Ndinatuluka. Bamboyo anali kukhola, akuyendetsa dzanja pamwamba pa chipupa. Ndinakaima mbali inayo. Atandiona anavula chipewa msanga n'kunyonyomala, moti chipupa chinamubisa. Zinakhala bwino choncho. Sitinaonane kumaso, koma kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wanga, ndinamuyankhula ndekha.

"Bambo, yunifolomu ili m'sutikesi ndi ya ndani?"

Mawu ake anadutsa m'mipata ya miyala, pang'onopang'ono, akufunafuna Chichewa.

"Ya mwana, amayi. Sukulu ya mishoni, pafupi ndi ife. Malo ndamupezera."

"Ulendo wa milungu ingapo umafuna yunifolomu?"

Tiana ta nkhumba tinkalira pakati pathu.

"Milungu ingapo ndi inu, amayi. Inu mukaona linga, mukaona sukulu, mukaona amayi anga, mtima ukhale pansi, mubwerera. Mwana atsala. Ndinanena tsiku loyamba. Inu munayankha kuti khola likaima, mwana nditenge."

"Ndinayankha choncho?"

"Ndi mmene anandiuzira."

Ndinafufuza bodza m'mawu akewo monga ndinkafufuzira dothi m'chipupa. Munalibe. Ndinakumbukira kuomba m'manja kwa nthawi yaitali kuja, ndipo ndinadziwa pokuika. Chaka chonse ndinalondalonda mkamwini, ndinalondalonda mlongo wanga, amayi a geni, miyala, ngakhale wojambula zithunzi. Amene ankanyamula mawu anga kuchoka pakhomo kukafika pa mango sindinamuyang'ane m'kamwa. Potuluka ankasiya ena, pobwera ankasiya ena, ndipo tonse awiri tinagwirizana chinthu chimene sitinamvane.

Ndinakumana naye panjira ya kumjigo.

"Tula ndowa."

Anatula.

"Ababa ako anati chiyani tsiku lija?"

Anayang'ana kukhola, anaona bambo ake akadali chinyonyomalire, ndipo anadziwa. Sanalire.

"Mukanakana, agogo."

"Ndikanakana."

"Ndiye ndikanatani? Agogo aamuna, achimwene anu aja, anandiuza kale kuti ndikalemba Sitandade 8 basi, zatha. Munthu wa njinga uja amandiimitsa panjira ya kusukulu. Amandiitana kuti mayi a kunyumba."

"Bwanji sunandiuze?"

"Inu mumati aliyense ndi wabodza. Ndikanati ndinene, mukanati nanenso ndayamba."

Sindinamumenye. Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere, sunabwere. Ndinadikira chisoni, nachonso sichinabwere. Chimene ndinaona n'chakuti ndowa ikudontha pansi pake, ndipo ndinaganiza kuti ikufunika phula.

"Senza, madzi akutha," ndinatero.

Nkhani sikhala m'mudzi. Kutacha mlongo wanga anali pakhonde panga, bamboyo ali pansi pa mango paja, mwana ali m'nyumba.

"Mwaona, chemwali? Ndinanena ine. Koma musadandaule, pangano lotere si pangano. Mawu anu anabedwa panjira. Tiitane ankhoswe, nkhaniyi ithe dzuwa lisanapendeke. Mwana ndi wa kuno, munthuyu akwere basi yekha."

Ankanena zoona. Mwambo unali mbali yanga, ndipo ankhoswe akanagamula momwemo. Chimene chinkafunika n'kungogwedeza mutu, mwana akanatsala pakhomo panga, ndikumamuona m'mawa ndi madzulo, mpaka tsiku limene njinga ikanabwera kudzamutenga.

Ndinawayang'ana amuna awiriwo, wina mwachindunji, wina chakumbali. Panalibe amene ndinkamukhulupirira. Wa pansi pa mango anali ndi bowo latsopano palamba, ndipo ndinkadziwa kumene mabowo otere amathera. Koma ntchito yake ndinali nditaipisa kamtengo mvula yonse osapezamo chobisika. Wa pakhonde ndinkamudziwa chibadwire.

"Mwana apita," ndinatero.

"Mwapenga?"

"Kapena."

"Akakafera kumeneko ngati mayi ake, musadzandiitane!"

"Mayi ake anafera kuno, achimwene. Munanyamula nawo bokosi."

Ananyamuka osatsanzika. Sanapondenso pakhomo panga mpaka fodya wa chaka chinacho atagulidwa.

Mwana anatuluka n'kugwada, kudikira mawu oti akapereke. Ndinamuuza kuti akhale pomwepo. Ndinatembenukira kumpanda n'kukweza mawu kuti afike okha pa mango.

"Bambo, mwana mutenge. Ine sindipita."

"Amayi, pasipoti ilipo. Linga mukalione. Munakwera phiri, ndamva."

"Nkhumba zili ndi ana. Ndisiyira ndani?"

Chimenecho ndi chimene ndinanena. Chinanso n'chakuti ndikanachoka ngakhale milungu iwiri, ndikanapeza mlongo wanga atafesa nazale ya fodya m'dimba langa. Ndipo panali chachitatu. Njira yonse ndinali nditaikonza mwana ali kuzenera, ine kunjira. Yobwerera, mpando wa kuzenera uli ndi mlendo, sindinaikonze, ndipo sindinafune kuyamba.

Ndinasomola kathumba kaja m'siketi yanga n'kukasokerera m'siketi ya mwana. Ndinaikamo pasipoti imodzi. Ndinakazinga mtedza, ndinaphika mbatata, ndinamanga kamba wa anthu awiri.

Ndinawaperekeza mpaka ku Boma. Pa siteji anyamata oitanira ankakokerana sutikesi, ndipo ndinaigwira mpaka italowa pansi pa mpando. Minibasi imene anakwera inali ndi tayala lakumbuyo losalala ngati chikhatho. Ndinamuuza kondakitala. Anati, "Agogo, limeneli ndiye latsopano." Mwana anagwada pafumbi anthu akuona.

"Ndizibwera pa holide, agogo."

"Usalonjeze. Ukhale kuzenera. Pa kanjira kaja ababa ako atsogole."

Bamboyo anaima kuseri kwa minibasi, chipewa m'manja, kuti tisaonane. Ndinamva kuomba m'manja kokha. Galimoto itanyamuka ndinayang'ana tayala lija mpaka litakhota. Kenako ndinagula phula la ndowa, ndinakwera yobwerera, ndinafika nkhumba zikulira njala.

Pa holide anabwera kamodzi kokha. Zaka zinapita. Kenako zinthu zinavuta kumeneko, antchito a m'mapulazi akuthamangitsidwa, ana a matchona akuuzidwa kuti si a dziko limenelo. Tsiku lina masana ndinaona mayi wamtali akubwera ndi sutikesi yomwe ija, yomangidwa chingwe. Anali mdzukulu wanga uja, bambo ake atawaika kale m'manda. Sukulu anali atamaliza mpaka Folomu 4, ndipo patapita miyezi anapeza ntchito ku Boma, kumene ali mpaka lero. Munthu wa njinga uja anali ndi akazi awiri pofika nthawi imeneyo, njinga atagulitsa.

Tsiku lofikalo tinakhala pakhonde. Ndinamuyang'ana m'mikono ndi m'khosi ngati sanaonde. Anali bwino. Kenako ndinafunsa.

"Linga lija unakaliona?"

"Kamodzi, ndi ababa, asanagone pansi."

"Nanga?"

"N'lalitali, agogo. Kanjira kaja n'kopapatizadi. Ababa anatsogola, ankapuma pafupipafupi. Kuphiri sanakwere, anandidikira pansi. Anati ndidzakuuzeni kuti mulibe dothi."

"Unaona wekha kapena anangokuuza?"

"Ndinapisamo kamtengo. Mlonda anandikalipira."

Ndinagwedeza mutu. Dzuwa linali litapendeka, ndiye ndinamupatsa ndowa ya madeya kuti akathire kukhola. Ananyamuka, ndipo ndinamuyang'ana mpaka atafika.